Thandizo la TDC yathu likutha: tingapemphe bwanji kuti lipitirire?

Funso: Ndine mphunzitsi wamkulu ndipo ndili mu komiti yoyendetsa TDC (Teacher Development Centre, malo othandizira ndi kusulira aphunzitsi) ya zoni yathu, yomwe ili ndi sukulu 14. Kwa zaka zitatu takhala tikulandira ndalama za pulojekiti yodzera ku boma, zoti a PEA (mlangizi wa maphunziro a pulayimale m'zoni) aziyendera sukulu komanso zosulira aphunzitsi. Atiuza kuti thandizoli litha pa 31 Marichi. Koma gawo lomaliza la ndalama linabwera mochedwa, maphunziro ena sanachitike, ndipo ku banki kudakali ndalama. Kodi n'zotheka kupempha kuti atiwonjezere? Tiyambire pati, ndipo tikalankhule ndi ndani?

Yankho: N'zotheka, ahedi, ndipo chifukwa chomwe mwatchulachi, choti ndalama zinafika mochedwa, ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe opereka ndalama amamva msanga, popeza vutolo silinachokere kwa inu. Koma musanalembe kalata, komiti yanu igwirizane kaye chenicheni chomwe mukupempha. Pali zopempha zitatu zimene anthu amakonda kuzisakaniza m'kalata imodzi, chonsecho chilichonse chili ndi khomo lake ndi nthawi yake.

Choyamba ndi kupempha nthawi yokha, kuti ndalama zomwe zilipo kale zigwire ntchito yomwe inalembedwa kale. A mabungwe amachitcha no-cost extension, ndipo ndicho chosavuta kuvomerezedwa chifukwa sichifuna kuti wina akasake ndalama zatsopano. Chachiwiri ndi kupempha nthawi pamodzi ndi ndalama zina. Ichi n'chovuta kwambiri, ndipo chimatheka pokhapokha ngati pulojekitiyo ili ndi ndalama zotsala ku likulu lake kapena pali gawo lachiwiri lomwe likukonzedwa. Chachitatu sichipita kwa eni pulojekiti n'komwe: ndiko kumenyera kuti ndalama zoyendetsera TDC tsiku ndi tsiku zilowe mu bajeti ya khonsolo. Malinga ndi zomwe mwafotokoza, inu mukufunika choyamba lero lomwe ndi chachitatu chaka chino chisanathe. Chachiwiri muchitchule m'kalata ina, chifukwa mukachiphatikiza ndi choyamba, wowerenga amangoona kuti mukufuna ndalama, n'kukana zonse pamodzi.

Yambani ndi pepala la mgwirizano

TDC si bungwe loima palokha. Ili pansi pa ofesi ya a DEM (mkulu woyang'anira maphunziro m'boma lanu), ndipo ofesiyo ili pansi pa khonsolo potsatira ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Choncho kawirikawiri amene anasaina mgwirizano wa ndalamazo si komiti yanu. Pemphani a PEA akatenge kope la mgwirizanowo, kapena kalata yomwe inabwera ndi ndalama zoyamba, ndipo muone amene anasaina. Ameneyo ndiye ali ndi mphamvu zopempha kuti tsiku lisinthe.

Izi zimasintha njira yonse. Ngati ndalamazo ndi za pulojekiti ikuluikulu ya World Bank kapena Global Partnership for Education, monga momwe inalili MESIP yomwe inayamba mu 2016 ndi ndalama zokwana madola 44.9 miliyoni m'maboma asanu ndi atatu kuphatikizapo Kasungu, Dedza, Mangochi ndi Chikwawa, ndiye kuti zoni imodzi singasunthe tsiku lotsekera. Tsikulo ndi la dziko lonse, ndipo wopempha kuti lisinthe ndi Unduna wa Zachuma m'malo mwa boma. Chomwe zoni ingachite n'kutumiza msanga malipoti osonyeza ntchito yotsala, kuti a ku unduna akhale ndi poimira. Koma ngati ndalamazo zinabwera kudzera mu mgwirizano wa khonsolo ndi bungwe lina, kapena tsiku la 31 Marichi linaikidwa ndi unduna pamene pulojekiti yonse idakali ndi nthawi, pempho la zoni imodzi likhoza kuyenda.

Mu mgwirizanomo mufufuze masiku awiri, osati limodzi. Pali tsiku lomaliza kugwira ntchito ndi kugula zinthu, ndipo pali tsiku lomaliza kupereka malisiti ndi lipoti. Pa mapulojekiti a World Bank pamakhala miyezi inayi pambuyo pa tsiku lotsekera, koma miyezi imeneyo ndi yolipirira ntchito yomwe inatha tsikulo lisanakwane, si yoyambira ntchito yatsopano. Makomiti ambiri amagwa pamenepa. Amamva kuti "tili ndi mpaka Julayi", n'kuchititsa maphunziro mu Meyi, kenako ndalama zonsezo n'kukanidwa ndi oona za chuma, ndipo wina amayenera kubweza. Muonenso ngati mgwirizano ukutchula masiku omwe pempho liyenera kufika tsiku lotsekera lisanakwane. Ngati sukutchula, dziikireni nokha miyezi itatu. Kalata yochoka ku zoni imadutsa m'manja ambiri, ndipo mkulu mmodzi akakhala kuti wachokapo, imagona pa tebulo milungu iwiri.

Ndalama zomwe zili ku banki si zonse zomwe zatsala

Apa ndi pomwe pempho limaima kapena kugwa, choncho tikhalepo pang'ono. Palibe amene angakuwonjezereni nthawi ngati sakudziwa komwe ndalama zoyamba zinapita. Msungichuma wa komiti, a PEA ndi a ACCO (wothandizira a PEA pa TDC) akhale pansi ndi kashibuku, masitetimenti a ku banki a miyezi yonse, mavawucha ndi malisiti, n'kufananiza mzere ndi mzere. Vawucha iliyonse ikhale ndi zoiperekeza zake. Ya zogula ikhale ndi makoteshoni atatu, maminitsi osonyeza amene anasankha wogulitsa, lisiti, ndi umboni woti katundu analandiridwa n'kulembedwa m'buku la katundu. Ya maphunziro ikhale ndi kalata yoitanira anthu, ndandanda ya zochitika, mayina a obwera osainidwa tsiku lililonse, ndi pepala lomwe aliyense anasainira ndalama yomwe analandira. Ya mafuta iperekezedwe ndi logibuku ya njinga yamoto yosonyeza makilomita ndi sukulu yomwe inayenderedwa, ndipo tsikulo lifanane ndi lomwe lili m'buku la alendo la pa sukulupo. Oona za chuma odziwa ntchito yawo amafananiza mabuku awiriwa.

Mukatero mutulutse manambala anayi. Tiyerekeze kuti munalandira K9,000,000 zaka zitatu zonsezi. Zomwe zinagwira ntchito ndipo zili ndi malisiti ndi K6,200,000. Pali K300,000 yomwe inatengedwa ndi munthu kukagwirira ntchito koma malisiti ake sanabwere. Pali K700,000 ya mapepala ndi inki zomwe munalandira kale koma wogulitsa sanalipidwe. Ku banki kudzaoneka K2,500,000, ndipo komiti yosasamala idzalemba kuti imeneyo ndiyo yatsala. Yotsala yeniyeni ndi K1,800,000, chifukwa K700,000 ija ili ndi mwini wake kale. Muchotseponso zomwe banki idzadule miyezi yomwe mukupemphayo. Ndipo K300,000 ija ithetsedwe kalata isanachoke: malisiti abwere, apo ayi ndalama ibwezedwe ku akaunti ndipo silipi yake isungidwe. Ndalama imodzi yopanda malisiti ndi yokwanira kuimitsa pempho lonse.

Nambala yotsalayo ndiyo imakuuzani miyezi yoti mupemphe. Ngati miyezi yaposachedwapa mwakhala mukugwiritsa ntchito pafupifupi K300,000 pa mwezi, ndiye kuti K1,800,000 ndi ya miyezi isanu ndi umodzi. Mukapempha chaka chathunthu, wowerenga adzadziwa kuti mukungofuna kuti akaunti isatsekedwe. Mukapempha mwezi umodzi, adzafunsa kuti ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi muitha bwanji pa milungu inayi, ndipo yankho lake nthawi zambiri limakhala misonkhano yodyera maalawansi.

Posankha tsiku latsopano, ikani kalendala ya sukulu pambali pa kalendala ya ndalama. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Marichi kuyambira mu 2022, pamene chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala. Izi zikutanthauza kuti thandizo lotha pa 31 Marichi limadula chaka cha sukulu pakati, teremu yachitatu isanayambe, ndipo imeneyi ndi mfundo yamphamvu yoti muilembe m'kalata. Kumbukiraninso kuti mu teremu yachitatu aphunzitsi akuluakulu ndi a PEA amatanganidwa ndi mayeso a Sitandade 8, choncho maphunziro a aphunzitsi ambiri pamodzi amayenda bwino pa holide. Pa zoni ngati yanu, kupempha mpaka kumapeto kwa Ogasiti kapena Sepitembala kumakupatsani holide ya Epulo, teremu yathunthu yoyendera sukulu misewu itauma, ndi holide yaitali yomalizira maphunziro ndi lipoti. Pemphani nthawi yokwanira kamodzi. Pempho lachiwiri limalandiridwa ndi nkhope ina.

Kalatayo ikhale yaifupi, tsamba limodzi kapena awiri, zambiri zikhale m'mapepala oiperekeza. Itchule dzina la pulojekiti ndi nambala ya mgwirizano, tsiku lotsekera lomwe lilipo ndi lomwe mukupempha, ndipo inene poyera kuti simukupempha ndalama zina. Chifukwa cha kuchedwa chilembedwe ndi masiku: gawo lachitatu la ndalama linkayenera kufika tsiku lakuti, linafika tsiku lakuti, sitetimenti ya ku banki ndi iyi. Mawu oti "tinakumana ndi mavuto osiyanasiyana" sathandiza aliyense. Ngati mlatho unakokoloka, kapena sukulu zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi monga zinachitikira m'maboma ambiri a kumwera pa namondwe Freddy mu Marichi 2023, tchulani sukuluzo ndi milungu yomwe zinatsekedwa. Kenako pakhale ndandanda ya ntchito yotsala, mwezi ndi mwezi, iliyonse ndi mtengo wake ndi munthu woiyang'anira, ndipo mitengo yonse ikaphatikizidwa ifanane ndendende ndi ndalama yotsala ija. Muperekezenso maminitsi a komiti yomwe inavomereza pemphoko. Isainidwe ndi wapampando wa komiti ndi a PEA, ipite kwa a DEM, iwo aidutsitse kwa a DC ngati mgwirizano unasainidwa ndi khonsolo, kenako kwa eni ndalama. Pa ofesi iliyonse kope lanu lidindidwe tsiku lomwe lalandiridwa. Kudumpha a DEM n'kulembera bungwe mwachindunji kumaoneka ngati kufulumira, koma bungwelo lidzaibweza komweko kuti aikepo ndemanga, ndipo mudzakhala mutakwiyitsa munthu yemwe mukufuna kuti akuyankhulireni.

Mitengo yokha muyembekezere kuti yasintha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bajeti yolembedwa zaka zitatu zapitazo singagule zomwe inkagula. Musabise zimenezi poyesa kukwaniritsa ntchito yonse ndi ndalama yosakwana. Lembani kuti maphunziro omwe anakonzedwa a masiku atatu achitika masiku awiri, kapena kuti achitikira m'magulu a sukulu zoyandikana kuti ndalama ya mayendedwe ichepe, ndipo pemphani chilolezo chosuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina m'kalata yomweyo. Kusuntha popanda chilolezo cholembedwa n'kulakwa ngakhale ndalamayo itagwira ntchito yabwino.

Umboni woti TDC ikusintha sukulu

Malisiti amangosonyeza kuti ndalama sizinabedwe. Sasonyeza kuti zinathandiza. Pa pempho la nthawi yokha, malisiti ndi ndandanda ya ntchito zikhoza kukwanira, koma pa pempho la ndalama zina kapena lolowa mu bajeti ya khonsolo, funso limakhala lakuti m'kalasi mwasintha chiyani. Malipoti ambiri a m'mazoni amangowerenga misonkhano yomwe inachitika ndi anthu omwe anabwera. Zimenezo n'zofooka.

Zinthu zabwino kuonetsa zili kale m'mabuku anu. Pa maulendo omwe a PEA anakonza, angati anachitika, ndipo ndi sukulu ziti zomwe sizinafikiridwe? Mafomu oonera phunziro akuonetsa chiyani pa mphunzitsi yemweyo ulendo woyamba ndi wachiwiri? Ana a Sitandade 2 angati amene akutha kuwerenga kandime kakafupi kumayambiriro kwa chaka ndi kumapeto? Chiyambire National Reading Programme mu 2016, kuwerenga kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 ndi chinthu chomwe unduna wa zamaphunziro umachiyang'anitsitsa, choncho umboni wa pamenepa umalemera. Onjezani chiwerengero cha obwereza kalasi ndi osiya sukulu, anyamata paokha atsikana paokha, kuchokera m'mafomu a kalembera wa sukulu a zaka zitatuzi. Onjezaninso sukulu zingati mwa 14 zomwe zinapereka mapulani awo otukulira sukulu ndi malisiti a SIG (ndalama ya boma yotukulira sukulu) pa nthawi yake, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya zoni mwachindunji. Ngati mungathe, gwirizanitsani zimenezi ndi miyezo 26 ya National Education Standards ya 2015, popeza ndi chilankhulo chomwe oyendera sukulu amagwiritsa ntchito.

Pomwe zinthu sizinasinthe, nenani. Lipoti loti sukulu zonse 14 zikuchita bwino palibe amalikhulupirira. Loti sukulu zisanu ndi zinayi zasintha, zitatu zili pomwepo, ziwiri zatsika chifukwa aphunzitsi anasamutsidwa ndipo sizifikirika nthawi ya mvula, limaonetsa komiti yodziwa zoni yake, ndipo limapereka chifukwa chenicheni cha miyezi yomwe mukupemphayo: kuti mphamvu zipite ku sukulu zisanu zotsalazo. Zotsatira za PSLCE, mayeso a Sitandade 8, muzitchule mosamala. Zimakwera n'kutsika pa zifukwa zambiri, ndipo mukazitenga kukhala umboni wanu chaka chabwino, zidzakutsutsani chaka choipa.

Pamene mukudikira yankho

Lamulo ndi limodzi: ngati kalata yovomereza sinafike, tsiku lakale lidakali ndi mphamvu. Wogwira ntchito ku pulojekiti akhoza kukuuzani pa foni kuti "musadandaule, zivomerezedwa", ndipo mwina akunena ndi mtima wabwino, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pa 1 Epulo popanda kalata yosainidwa, cheke chisalembedwe. Choncho konzani mapulani awiri. Ntchito zofunika kwambiri, zomwe zingatheke bwinobwino Marichi asanathe, zichitike tsopano. Zotsalazo zidikire chilolezo.

Koma musathamangire kumaliza ndalama poopa kuzibweza. Maphunziro atatu othithikizana mu milungu iwiri yomaliza amachotsa aphunzitsi m'makalasi, sasiya kanthu m'mitu mwawo, ndipo ndi oyamba kufufuzidwa. Kulipiriratu katundu yemwe adzabwere pambuyo pa tsiku lotsekera, kapena kulemba tsiku lakale pa lisiti, ndi mlandu. Kubweza K500,000 yosagwiritsidwa ntchito pamodzi ndi mabuku oyera kumasiya dzina labwino, ndipo dzina limenelo ndi lomwe limaganiziridwa akamasankha mazoni a gawo lotsatira.

Onaninso za osainira ku banki. Aphunzitsi akuluakulu ndi a PEA amasamutsidwa, makomiti amatha nthawi yawo, ndipo kusintha osainira kumafuna maminitsi, kalata ya a DEM ndi ziphaso, zomwe zimadya milungu. Mazoni ena amapatsidwa miyezi yowonjezera n'kutaya theka lake akudikira banki.

Za bajeti ya khonsolo

Ngakhale atakupatsani miyezi isanu ndi umodzi, mu Okutobala mudzakhala pomwe muli panopa. Ili ndi vuto lakale la ma TDC. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi masauzande ambiri analembedwa ntchito asanapite ku koleji. Ma TDC 315 anakhazikitsidwa pansi pa Malawi School Support Systems Programme ndi ndalama za boma la Britain kuti aphunzitsi amenewa azithandizidwa pafupi ndi sukulu zawo. Pulojekitiyo itatha, chiyembekezo chinali choti malowa azidzipezera zina pobwereketsa holo ndi zina zotero. TDC ya pa tawuni ikhoza kupeza kangachepe motero, koma ya kumudzi komwe holo imabwerekedwa kamodzi pa teremu singayendetse njinga yamoto ndi ndalama imeneyo. Mazoni achulukanso kuposa pamenepo, ndipo ena alibe nyumba yawoyawo.

Primary School Improvement Programme, yomwe inayamba mu 2010 n'kufika m'maboma onse 34 a zamaphunziro patapita zaka zochepa, inabweretsa njira ya boma yokhazikika: SIG ya sukulu, ZIG ya zoni, ndi DIG ya ofesi ya a DEM. Ndalama zimenezi sizitha ngati za pulojekiti, koma sizibweranso zokha. Zimadutsa ku National Local Government Finance Committee kupita ku khonsolo, ndipo zimadalira zomwe zalembedwa mu bajeti ya chaka chimenecho. Zomwe sizinatuluke ku boma pofika pa 31 Marichi sizingodutsa kupita chaka china, ziyenera kulembedwanso. Vuto lina ndi loti muyezo wake ukaikidwa umakhala zaka osasintha pamene mitengo ikuthamanga. SIG ya K600,000 pa sukulu ya ana osapitirira 1,000 inali ndalama yooneka m'zaka zoyambirira za ndondomekoyi, koma aliyense wogula choko ndi simenti akudziwa zomwe kugwa kwa kwacha kunachita. Polemba bajeti yanu gwiritsani ntchito muyezo womwe uli m'kalata ya unduna ya chaka chino.

Maganizo anga ndi akuti mafuta a a PEA, kukonza njinga yamoto, mapepala ndi magetsi a TDC siziyenera kudalira pulojekiti ngakhale pang'ono. Ndi ntchito ya boma ya tsiku ndi tsiku, mofanana ndi malipiro a mphunzitsi. Ndalama za abwenzi akunja zizigulira zinthu zowonjezera, monga mabuku, makompyuta ndi maphunziro apadera. Zomwe zinachitika mu Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lambiri lodzera ku USAID, zinaonetsa kuti ngakhale mgwirizano wosainidwa ukhoza kuduka pakati.

Kuti khonsolo imve, mupite ndi nambala yowerengeka, osati dandaulo. Tiyerekeze ndi zoni yanu. Sukulu 14, iliyonse kuyenderedwa kawiri pa teremu, materemu atatu: maulendo 84. Ngati ulendo umodzi kupita ndi kubwera uli pafupifupi makilomita 30, ndi makilomita 2,520 pa chaka. Njinga yamoto yoyenda makilomita 30 pa lita idzafuna malita 84, ndipo muonjezepo gawo lina la njira zozungulira za nthawi ya mvula ndi maulendo a kuboma okapereka malipoti. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo womwe MERA, bungwe loona za mitengo ya mafuta, yalengeza. Manambala a makilomita mutenge mu logibuku yanu, osati angawa. Kenako oyilo, matayala, tcheni ndi masipuloketi, inshulansi, mapepala, inki ya pulinta, magetsi kapena mabatire a sola, ndi mlonda ngati alipo. Pomaliza gawani ndalama yonseyo ndi chiwerengero cha ana a m'zoni. Nambala yomwe imatuluka pa mwana mmodzi pa chaka imakhala yaing'ono kwambiri, ndipo khansala amaimva mosavuta kuposa mamiliyoni.

Nthawi yake ndi yofunika kuposa kukongola kwa pepalalo. Bajeti ya dziko imaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo cha mu Febuluwale kapena Marichi, kutanthauza kuti makhonsolo amakhala atalemba zawo miyezi ingapo m'mbuyo. Pepala lanu lifike kwa a DEM cha mu Okutobala kapena Novembala. Likafika mu Epulo, lachedwa ndi chaka chathunthu. Musapite nokha: a PEA a mazoni onse a m'boma lanu akagwiritsa ntchito kawerengedwe kofanana n'kupereka pepala limodzi, a DEM amakhala ndi choti atengere ku komiti ya zamaphunziro ya khonsolo. Khansala wa dera lanu ndi wapampando wa ADC (komiti ya chitukuko cha m'dera) aitanidwe ku TDC adzaone okha, ndipo nkhaniyi ilowe m'maminitsi a ADC kuti ikhale ndi njira yolowera m'mapulani a chitukuko a khonsolo.

Pali njira ziwiri zachidule zomwe mazoni amatsata thandizo likaduka, ndipo zonse ndikuletsani. Yoyamba ndi kuuza sukulu iliyonse kuti idule kenakake pa SIG n'kupereka ku zoni. SIG ndi ya zomwe zili mu pulani ya sukuluyo, yomwe makolo, komiti ya sukulu, PTA ndi a mother group anagwirizana. Ngati sukulu zikufunadi kusonkherana pa ntchito imodzi, monga kusindikiza mayeso oyeserera, ntchitoyo ilembedwe mu pulani ya sukulu iliyonse, a DEM avomereze, ndipo TDC ipereke lisiti. Popanda zimenezo, amene adzayankhe mlandu ndi mphunzitsi wamkulu yemwe anasaina cheke, ndiye kuti inuyo. Komanso a PEA amene mafuta awo akuchokera m'thumba la sukulu amavutika kulemba lipoti loona la sukulu yomweyo. Yachiwiri ndi kusonkhetsa ana. Ndalama iliyonse yomwe ichititsa mwana kubwezedwa kunyumba ikuphwanya cholinga chomwe TDC inamangidwira. Zomwe mumapeza pa holo ndi fotokope zipitirire, koma zikhale ndi buku la malisiti lakelake, zilowe ku banki zisanagwire ntchito, ndipo zisasakanizidwe ndi za pulojekiti mu kashibuku imodzi.

Akakana pempho la nthawi, funsani chifukwa chake cholembedwa, chifukwa chikhoza kukhala chinthu chokonzeka monga lipoti lomwe silinafike. Chikakhala chosakonzeka, tsekani mwadongosolo. Lipirani ngongole zonse za katundu yemwe analandiridwa tsiku lotsekera lisanakwane, bwezani zotsala ku akaunti yomwe akuuzeni m'kalata osati pa foni, sungani silipi, ndipo perekani lipoti lomaliza pa tsiku lake. Katundu yense wogulidwa ndi pulojekiti alembedwe ndi nambala zake ndi momwe alili, ndipo pakhale kalata yosainidwa yonena kuti akutsala m'manja mwa ndani. Pa njinga yamoto onetsetsani kuti bulubuku yasinthidwa dzina, chifukwa ikatsala m'dzina la pulojekiti yomwe kulibenso, khonsolo imavutika kuilipirira inshulansi ndi kuikonzetsa, ndipo imathera m'chipinda cha TDC itaphwa matayala. Mafayilo onse a ndalama asungidwe pamalo ouma ndi okiyidwa kwa zaka zomwe mgwirizano ukutchula, popeza oona za chuma amatha kubwera pulojekiti itatha kalekale, komiti itasintha kale.